Landirova Yodikira Mwini Wake

Faines Nankhoma adabadwira kufupi ndi Mvera, m'banja la mmisiri wa matabwa amene ankakhoma mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Poti m'nyumbamo mudalibe mwana wamwamuna, iyeyo ndiye ankagwirira bambo ake thabwa akamacheka, ndipo adakula wosaopa sowo kapena hamala. Sukulu adaisiyira panjira atangodziwa kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo. Adali wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Anthu ankati ukamamuuza chinthu amakuyang'ana pakamwa ngati akufuna kuona pomwe mawuwo akutulukira.

Elifala Chikadza adamuona koyamba ku msonkhano wa misasa. Masiku amenewo Elifala ankayendetsa galimoto ya mzungu wina woona za ng'ombe, amene ankazungulira madibi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Atakwatirana, mwamunayo adapempha chitengwa n'kumutengera kwawo kwa Kadzuwa, mudzi wa pamsana pa phiri, kumene msewu wake mvula ikagwa umasanduka mtsinje. Dziko litalandira ufulu mzungu uja adalongedza, ndipo potsazika adamusiyira Elifala Landirova yomwe adakhala akuiyendetsa zaka zonsezo. Idali yokalamba kale, yobiriwira mofuwa, tenti yakumbuyo yazigambazigamba, chitseko chakumanzere chomanga ndi waya.

Galimoto imeneyi idasanduka miyendo ya dera lonse. Inkanyamula amayi apakati amene zavuta kwa azamba, mabelo a fodya, akwati, ndiponso mitembo yochokera kuchipatala. Wina ankathokoza ndi nkhuku, wina ndi dengu la mtedza, wina ndi pakamwa pokha. Kugalaja sinkapita. Elifala ankati galimoto yokalamba imafuna munthu mmodzi woidziwa chifuwa chake, ndipo Loweruka ankaiimika pansi pa mkuyu wa pabwalo, n'kuyala chiguduli, n'kulowa kunsi kwake.

Faines akatha zapakhomo ankabwera kudzathandiza. Ankatsuka mapulagi ndi kamswachi, kupatsira masipanala, kapena kukhala pampando wa dalaivala n'kumapopa mabuleki, mwamuna wake ali pansi akuitana kuti pondani, gwirani pomwepo, siyani. Nthawi zina Elifala ankamulola kuiyendetsa kuchoka pamkuyu kukafika pakhola la ng'ombe n'kubwerera chambuyo, iye ataima patali akuseka kuti khola lake latha lero. Ana adabereka angapo koma amene adakula ndi Lenia yekha. Enawo adapita ali makanda. Mwina ndicho chifukwa chake awiriwa ankakhalitsa pansi pa mkuyu kuposa mmene mwamuna ndi mkazi amakhalira pamodzi m'mudzi.

Tsoka lidadza m'chilimwe, Lenia atangoyamba kumene sukulu. Kuboma kudali msonkhano waukulu wa chipani, ndipo tcheyamani wa nthambi adalamula kuti Landirova ya Elifala inyamule amayi okavina. Kukana kudalibe. Amayi adakwera mpaka ena kukhala pamiyendo ya anzawo, ng'oma pamwamba, anyamata atapachikika kumbuyo. Elifala adauza tcheyamaniyo mwaulemu kuti katundu wachuluka, bwenzi ayende maulendo awiri. Adayankhidwa kuti nthawi yatha. Pachitunda cha Mwalawoyera, galimoto ili pakati pa kubuula, kudamveka kuti thoo! Akisolo yakumbuyo, chitsulo chozungulitsa tayala, idathyoka. Adayesa kukokera ndi matayala akutsogolo okha koma ankangopalasa miyala. Amayi adatsika n'kuyamba wapansi, ndipo adakafika msonkhano utabalalika, fumbi lili mbuu m'zitenje zatsopano.

Tcheyamani adachita manyazi pamaso pa akuluakulu ake, ndipo manyaziwo adafuna woti awasenze. Zidamveka kuti Elifala adathyola dala galimoto yake, ndiponso kuti adatchula amayi ovinira mtsogoleri wa dziko kuti ndi katundu, ngati matumba a chimanga.

Patapita masiku ochepa, m'mawa dzuwa litangowomba, Elifala adali kunsi kwa galimoto atachotsa kale tayala, manati atawandandalika pachiguduli. Faines ankamugwirira chitini chotayira oyilo. Kumsewu kudamveka kulira kwa Landirova ina, ndipo Elifala, osatulutsa ngakhale mutu, adati imeneyo ndi yatsopano, injini yake ikuimba bwino. Idakhotera pabwalo pawo. Adatsika amuna osavala yunifomu, n'kufunsa ngati mapazi akuonekawo ndi a Chikadza. Sadamulole ngakhale kusamba m'manja. Pomukweza kumbuyo Elifala adatembenuka n'kunena chinthu chimodzi chokha.

"Amake Lenia, manatiwo musonkhanitse, nkhuku zingamwaze."

Faines adawasonkhanitsa. Adawaika m'chitini n'kukhala nacho pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa choyamba n'chiti.

Adapita kuboma kukafunsa. Adamuuza kuti dzina limenelo sakulidziwa, ndipo wina womumvera chisoni adamunong'oneza panja kuti asadzabwerenso, pakuti wofunsafunsa naye amakathera komweko. Ena ankati amuona kundende ya Dzaleka akulima, ena ankati adamutengera kumwera. Kumudzi anthu adayamba kulambalala bwalo lake. Amayi amene Landirova ija idawapulumutsa pobereka ankati akamuona kuchitsime, amapeza chifukwa chobwerera. Kuchigwirizano ankakhala pabenchi payekha, malo otsala mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti popemphera ankamutchula monong'ona kuti mlongo wathu amene ali m'mayesero. Sadawade. Ankadziwa kuti mantha adali m'nyumba iliyonse.

Mkulu wake wa Elifala, a Yeremiya, adabwera madzulo ena n'kuima patali ndi galimotoyo ngati ili ndi khate. Adati chinthu chimenechi ndicho chabweretsa minyama pamtundu, chigulitsidwe kwa aliyense wochifuna, kaya chikankhidwire kuphompho. Adatinso ngati Faines akufuna kubwerera kwawo ku Mvera palibe amene angamudzudzule.

"Mwini wake sadafe, alamu," adatero Faines. "Akabwera, mudzawauze nokha."

A Yeremiya adati ngati zili choncho, zomwe zidzamuonekere asadzaitane munthu. Adachoka osatsazika.

Dzinja loyamba Faines adangoifolera ndi udzu ngati nkhokwe. Inkakhala pajeke ndi pamiyala, mbali imodzi yopanda tayala, nkhuku zikuikira kunsi kwake. Iye ankalima yekha, kupalira yekha, n'kumayang'ana kumsewu. Tsiku lina atatsegula chitini chija adapeza manati achita dzimbiri, ndipo mtima udamupweteka ngati wapeza chilonda pathupi pa mwana. Adaganiza kuti munthu uja akadzatulukira, akangomwa madzi, adzafunsa za galimoto. Komanso kudikira wopanda chogwira kudali kutayamba kumudya. Usiku tulo sankatiwona, usana ankaiwala mphika pamoto.

Atakolola adapita ku Mvera ngati wokaona mayi ake, koma adakhotera kwa a Andreya, makaniko wokalamba amene adagwirapo ntchito ndi Elifala. A Andreya atamva chomwe wadzera adayang'ana uku ndi uku, n'kumulowetsa kuseri kwa shedi. Adamufunsa kuti adzamangirira ndani, ndipo Faines adati adzamangirira yekha. Kenaka adasolola akisolo pa chigoba cha galimoto ina yakufa, n'kujambula padothi ndi kamtengo mmene zitsulozo zimalowerana. Adamuchenjeza kuti vuto si kulowetsa chatsopano ayi, koma kutulutsa kachidutswa kothyokera m'kati. Chitsulocho adachimanga pakati pa mtolo wa nzimbe kuti anthu asaone, ndipo adamupempha kuti dzina lawo lisatchulidwe kwina kulikonse.

Ntchito imene Elifala akadaitha tsiku limodzi idamutengera Faines mwezi wathunthu. Ankavala ovolosi yakale ya mwamuna wake, chitenje pamwamba, poti mkazi wopezeka atavala buluku masiku amenewo udali mlandu wina pawokha. Manati ena adakana kumasuka mpaka adawanyika m'palafini masiku angapo. Kachidutswa kaja kadakakamira monga adanenera a Andreya. Adachotsa tayala la mbali inayo, n'kusololanso akisolo yamoyo, n'kumagogoda ndi ndodo yachitsulo kudzera m'bowo, osaona chomwe akugogoda. Oyilo wakuda wonunkha ankamutsikira m'mikono mpaka m'khwapa. Hamala idamuphwanya chala chachikulu, chikhadabo n'kuchoka, ndipo chidameranso chopindika moyo wake wonse. Masiku ena ankangogona chagada kunsi kuja, misozi ikulowa m'makutu. Tsiku lomwe kachidutswako kadagwera pachiguduli, adakatola n'kukayang'ana. Kadali kakang'ono ngati chitsononkho chothyoka pakati.

Kumangirira kudatha, koma injini siidalire. Batire lidali litafa. Adaliika m'dengu, chimanga pamwamba, n'kulisenza mpaka pamsika pamene padali munthu wotchaja mabatire a wailesi. Pobwerera madzi ake adadontha, n'kuboola chitenje, n'kumuwotcha m'khosi. Petulo ankasinthanitsa ndi nkhuku kwa madalaivala a malole odzanyamula fodya, botolo limodzilimodzi. Pofuna kusunga mphamvu ya batire ankaliza ndi chitsulo chopukusira kutsogolo, chimene Elifala ankachitcha hendulo. Ulendo woyamba chidamubwerera n'kumubzungunyula dzanja, moti adatha sabata akudya ndi lamanzere. Koma Loweruka lina injini idatsokomola, idatsokomolanso, kenaka idagwira. Utsi udadzaza mkuyu, nkhuku zidabalalika, ndipo m'nyumba zoyandikana nkhope zidasuzumira pazitseko. Faines adakhala pampando wa dalaivala, manja ali pachiwongolero chonjenjemera, ndipo kwa kanthawi kochepa adamva ngati pakhomopo pabwera munthu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lidakhalanso la galimoto. Koma chinthu chongokhala chimawola msanga kuposa choyenda. Makoswe adatafuna mawaya, iye n'kumalumikiza umodziumodzi potsata mtundu wake, pena n'kulakwitsa mpaka kununkha kupsa. Mavu adamanga zisa mopumira injini. Rediyeta itayamba kudontha adathiramo fodya wopera monga ankachitira mwamuna wake, ndipo padagwira kwa miyezi ingapo, n'kuyambiranso pena. Lamba wa fani ataduka adapota wachikopa cha ng'ombe, amene ankatamuka akatentha. Matayala adang'ambika m'mbali ngati zidendene za m'chilimwe, moti ankaikweza pamiyala sabata yonse n'kuitsitsa pa tsiku lake lokha. Akatseka bowo ili, lina linkatseguka. Kumsewu sadatuluke nayo. Chiphaso choyendetsera adalibe, ndipo ankadziwa kuti pali maso amene akungodikira chifukwa. Inkayenda kuchoka pamkuyu kukafika pakhola n'kubwerera chambuyo, mpaka pabwalo padakumbika tinjira tiwiri tosapita kulikonse.

Ng'ombe zidatha imodziimodzi, ina ku matenda, ina kugulitsa kuti mwana aphunzire ndi kuti galimoto ipeze chubu ndi oyilo. Anthu adayamba kunena poyera kuti Nankhoma mutu wasokonekera, akudyetsa chitsulo pamene denga la nyumba likudontha. Mayi ake adatumiza mawu kangapo kuti abwerere kumudzi, iye osapita. Lenia adakula akumva fungo la petulo m'zovala za mayi ake, ndipo ankadana nalo. Mnyamata woyamba kumufunsira adabwezedwa ndi amalume ake atamva kuti mtsikanayo ndi mwana wa yani. Wachiwiri adali wogwira ntchito m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo Lenia adavomera msanga, mwina pofuna kungochokapo. Tsiku lonyamuka adauza mayi ake kuti bambo adamwalira kalekale, aliyense akudziwa, ndipo iwo akungosunga manda okhala ndi matayala. Faines adamuperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kukathira madzi m'rediyeta.

Nthawi ndi nthawi kunkamveka kuti pa chikondwerero chakutichakuti ena atulutsidwa. Faines ankatsuka galimoto yonse ndi phulusa ndi mchenga wosefa, n'kupukuta galasi, n'kuchapa malaya a tchalitchi a mwamuna wake. Enadi ankabwera, m'midzi ina. Iye ankapita kukawafunsa, koma anthuwo ankayang'ana pansi n'kunena kuti sadaone munthu, sakudziwa kanthu. Malaya aja ankawapindanso.

Elifala adabwera pamene Faines adali atasiya kuwerengera, Lenia ali kale ndi mwana kumbuyo. Kudali m'chilimwe masana, mphepo ikuulutsa mapesi. Faines ankasenda mtedza pakhonde ndipo adaona nkhalamba ikukwera njira ya kuchitsime, itavala kabudula wa munthu wina, ikuima pafupipafupi. Adaganiza kuti ndi wopempha madzi. Munthuyo adafika pabwalo, n'kudutsa pafupi ndi mkuyu osatembenuza khosi, n'kudzanjuta m'mphepete mwa khonde ngati mlendo. Tsitsi lidali mbuu, mano akutsogolo kulibe. Faines adamuzindikira poona makutu ake.

Sadalire mokweza. Adamupatsa madzi, adamutenthetsera osamba, adamuphera nkhuku. Elifala adadya mofulumira, atafungatira mbale ndi mkono, maso ali kuchitseko. Achibale adabwera kudzalonjera, koma ankaima chapatali, kufunsa za ulendo ngati munthu wachokera ku Joni, n'kuchoka msanga. Za kumene adali sadanene, ndipo palibe adafunsa. Za galimoto sadafunsenso. Faines adaganiza kuti ndi kutopa, kapena akuopa kumva kuti idafa.

M'mawa mwake adamuyalira mphasa pakhonde poti aziothera dzuwa, n'kumupatsa mbatata yootcha. Kenaka adazemba. Adachotsa miyala, adapopa petulo ndi chala, adatsegula kiyi, n'kukagwira hendulo. Mtima unkagunda ngati wa mtsikana wa chinkhoswe. Adapukusa kamodzi kokha ndipo injini idagwira bwinobwino, mosatsokomola, kulira kwake kosalala kuposa masiku onse. Adaweramuka akumwetulira, n'kuyang'ana kukhonde.

Pamphasa padalibe munthu. Mbatata idali pansi, nkhuku zikujompha.

Adamupeza kuseri kwa nkhokwe atanyonyomala, manja onse pamutu, chibwano pamaondo. Thupi lonse linkanjenjemera, ndipo kabudula adali atanyowa. Ankabwereza motsitsa mawu, osayang'ana amene waima patsogolo pake.

"Ndilipo, bwana. Ndilipo, bwana."

Faines adathamanga kukazimitsa. Bata litabwerera pabwalo, adakhala pansi pafupi naye, osamukhudza, mpaka dzuwa lidafika paliwombo. Pamenepo ndi pamene Elifala adatsitsa manja. Adayang'ana kabudula wake, adayang'ana mkazi wake, ndipo manyazi amene adali m'maso mwakemo Faines sadawaiwale mpaka imfa.

Elifala adalankhula za nkhaniyi kamodzi kokha, patapita masiku, ali kudimba awiriwiri. Adati kumene adaliko, Landirova ikalira chonchija m'mawa ndiye kuti yadzatenga munthu. Onse ankanyonyomala pamzere kudikira dzina, ndipo wotengedwayo kawirikawiri sankabwerera, kapena ankabwerera wosatha kuima. Adati iye, podziwa magalimoto, ankaimva isadafike n'komwe pachipata, anzake asadamve kanthu, moti mantha ake ankayamba msanga kuposa a wina aliyense.

"Musadzailizenso ine ndili moyo, amake Lenia."

"Ndinkasungira inu," adatero Faines.

"Ndikudziwa. Ndidaimva. Mwaikonza bwino, kuposa mmene ndinkaikonzera ine." Elifala adafukula dothi ndi chala. "Ndiye chifukwa chake. Ikulira ngati zawo zija."

Faines adamweta udzu n'kumanga mpanda kuzungulira galimoto, kuti munthu wokhala pakhonde asamaione. Poyamba, mwamuna wake akapita kudimba, ankalowa mumpandamo n'kupukusa hendulo kiyi ali wotseka, kuti injini isagwirane ndi dzimbiri. Koma fungo linkatsalira m'manja ngakhale asambe ndi sopo, ndipo Elifala akalimva ankakankha mbale n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Faines adaleka. Loweruka ankapeza kuti manja alibe chochita, n'kumangozungulira pabwalo, kusesa posesa kale.

Adakhala choncho madzinja awiri. Elifala sadali wovuta. Ankathirira mpiru kudimba, ankapota zingwe, ankayankha akafunsidwa. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Lole ikamadutsa kumsewu ankangoima chilili mpaka ipite, koma ikakhala Landirova ankasiya khasu n'kulowa m'chimanga. Faines ankamuyang'ana nthawi zina akugona masana pamphasa, n'kumafunafuna pankhopepo munthu uja ankaseka za khola. Adazindikira kuti pa zaka zodikira zija adali ndi chiyembekezo choti chimudzutse m'mawa, ndipo tsopano mwamuna ali pakhomo, chija chidatha.

Chifuwa chimene Elifala adabwera nacho chidakula. Adayamba kulavula magazi, miyendo idatupa, ndipo pofika nthawi yokolola sankathanso kufika kudimba. A Yeremiya, amene ukalamba udawafewetsako mtima, adabwera kudzanena kuti munthuyu apite kuchipatala, ndipo adapeza dalaivala wina wopuma ntchito amene adavomera kuyendetsa. Faines adalowa mumpanda muja koyamba patapita nthawi yaitali. Adachotsa zisa za makoswe, adapopa matayala, adabwereka batire, adathira petulo amene adatsala m'botolo. Adaona kuti ingathe kuyenda. Adakagwada pafupi ndi mphasa n'kumupempha mwamuna wake kuti alole kamodzi kokha, amutseka m'makutu ndi nsalu, iye akhala naye kumbuyo atamugwira dzanja.

Elifala adapukusa mutu. Amuna atabwera kuti amunyamule adakangamira nsanamira ya khonde ndi mphamvu zimene palibe ankadziwa kuti akadali nazo. Sadakuwe. Ankangoyang'ana mkazi wake, misozi ikutsika.

"Nankhoma, musandikweze. Ndakupemphani."

Faines adauza amunawo kuti amusiye.

Adabwereka ngolo ya ng'ombe m'mudzi woyandikana nawo. Adayalamo udzu ndi bulangete, n'kunyamuka m'mawa kuzizira kusadathe. Njira imene Landirova inkaidula nthawi yochepa, ng'ombe zinkaiyenda mwa kachetechete, zikuterereka pamiyala, ngolo ikugwedezeka pa dzenje lililonse. Faines ankayenda pambuyo atagwira thabwa, akumuingira ntchentche. Adatsika Mwalawoyera, adawoloka mtsinje. Dzuwa litapendeka, msewu waukulu ukuonekera patali, Faines adaona kuti ntchentche yatera pamlomo ndipo munthuyo sakuimva. Adauza mwini ngolo kuti aime. Adamutseka maso, adamufunditsa kumutu, ndipo adatembenuza ng'ombe.

Maliro adali aang'ono. Olalikira adasankha mawu mosamala, osatchula zaka zimene malemuyo adasowa pamudzi. Atameta, akuchimuna adamusudzula Faines mwamwambo n'kumuuza kuti ali womasuka kubwerera kwawo. Ulendo uno sadakane. Adamanga kamtolo ka zovala, mphika ndi khasu, ndipo adatuluka pabwalo osalowa mumpanda muja.

Za galimoto adadzamva kwa mayi wina wogulitsa mbatata. A Yeremiya adaigulitsa kwa amisiri a ku Mponela, amene adabwera ndi lole, ndipo sadayese n'komwe kuiliza. Adaiphwasula pomwepo ndi matchizulo. Matayala ndi zitsulo zake zapansi adakapangira ngolo, malata a thupi lake adakasula mapoto ndi zidebe, injini adaiponya m'lole ngati chitsa. Faines adamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa mayiyo ngati mvula idagwa bwino kwa Kadzuwa chaka chimenecho.

Ku Mvera adakhala m'kanyumba ka malemu mayi ake, akulima mtedza ndi chimanga chongokwanira pakamwa pake. Ana a abale ake ankamudziwa ngati azakhali osalankhula, a chala chopindika ndi chipsera m'khosi, ndipo palibe adawauza kumene zipserazo zidachokera. Lenia ankabwera mwa apo ndi apo, koma awiriwa akakhala pamodzi nkhani zinkatha msanga. Faines adamwalira dzinja lina mvula ili pakati, atadwala masiku ochepa, chipani chikadali chimodzi.

Patangopita zaka zochepa zinthu zidasintha m'dziko. Anthu adayamba kuima poyera n'kutchula abale awo amene adatengedwa, kunena tsiku, malo ndi chifukwa chake. Kwa Kadzuwa a Yeremiya adali atamwalira, tcheyamani uja adali mkulu wa mpingo wolemekezeka, ndipo Lenia adali kutali ndi mavuto akeake. Dzina la Elifala Chikadza palibe adalitchula.